Lachinayi lofunda, chisanu chili m'njira

Kwachanso kofunda lero, monga kwakhala kukuchitira sabata yonseyi. Nditatsegula zenera m'mawa sindinamve kamphepo kobaya mphuno kaja tinazolowera miyezi yozizirayi. Munalowa fungo la dothi ndi phokoso la njuchi. Mtengo wa pichesi wa kuseri kwa nyumba, umene Lamulungu unali ndi timphukira tofumbata, lero wachita maluwa mpaka kunsonga, ndipo njuchi zili pikitipikiti kuyambira dzuwa lisanakwere. Ndinaima pansi pake kanthawi ndikuyang'ana imodzi ikulowa m'duwa chamutu, n'kutulukamo miyendo ili mbuu ndi mungu. Nyengo ya mphukira yafika ndi liwiro chaka chino.

Koma ndisanachite china chilichonse ndinapita kukagogoda galasi la barometer yakale, chida choyezera kulemera kwa mpweya, imene ili pakhoma la pakhonde. Singano inanjenjemera n'kutsikanso pang'ono. Lolemba inali pamwamba ndithu pa 1013, nambala imene amati ndiye kulemera kwa mpweya kwa nthawi zonse kufupi ndi nyanja. Kuyambira dzulo ikungotsika, ndipo lero yadutsa pansi pa nambalayo. Pa foni, mapu a zanyengo akunena zomwezo: mzere wa buluu wokhala ndi timano tosongoka, timanoto titaloza kuno. A zanyengo akuti cold front, kutanthauza kutsogolo kwa mpweya wozizira kumene mzerewo ukuonetsa, ifika mawa madzulo kapena usiku, ndipo Loweruka usiku kuzizira mpaka madzi a m'beseni kuundana pamwamba.

Anthu ambiri amaona ngati kufunda ndi kuzizira kukubweraku ndi nkhani ziwiri zosiyana, ngati kuti tinali pabwino kenako kwabwera wotisokoneza. Ine ndimaona kuti ndi nkhani imodzi. Kufunda kwa dzulo ndi lero kwabwera ndi namondwe yemweyo. Dera la mpweya wopepuka likamayandikira, limayamba lakoka mpweya wofunda kuchokera mbali imene dzuwa limakhala masana, ndipo mphepo imene yaomba lero yachokeradi kumeneko. Kumbuyo kwake n'kumene kuli mpweya wozizira, wolemera, woyenda chokwawa pansi. Ukafika umalowa kunsi kwa wofundawu ngati khasu likulowa pansi pa chibuma, n'kuutukulira m'mwamba. Mpweya ukamakwera umazizira, wouma umataya pafupifupi madigiri 10 pa kilomita iliyonse, ndiye chinyezi chimene unanyamula chimasanduka mitambo italiitali ija ya mabingu, nthawi zina ndi matalala omwe. Mvula yake sikhalitsa. Imagwa mwamphamvu m'kachigawo kopapatiza, mphepo n'kutembenuka, kumwamba n'kuyera.

Amene anayamba kujambula zimenezi pamapu ndi akatswiri a ku Bergen, m'dziko la Norway, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha: Vilhelm Bjerknes, mwana wake Jacob amene analemba za kayendedwe ka anamondwe otere mu 1919, ndi anzawo. Analibe zithunzi za m'mlengalenga. Ankangosonkhanitsa malipoti a mphepo ndi kutentha kuchokera m'malo ambirimbiri, n'kuona kuti pali mzere pamene zonse zimasintha mwadzidzidzi. Kutembenuka kwa mphepoko kumadalira kumene munthu ali. Ku London imayamba ikuchokera kumwera chakumadzulo, kenako n'kumachokera kumpoto chakumadzulo, pamene ku Cape Town imachita mosemphana ndi pamenepo. Ndipo nthawi zina kusinthako kumakhala koopsa: pa 11 November 1911, mzinda wa Oklahoma City, ku United States, unafika madigiri 28 masana, koma pofika pakati pa usiku kunali 8 pansi pa ziro. Tsiku limodzi lomwelo.

Cha m'ma teni ndinamva khasu kuseri kwa mpanda. Bambo a nyumba yoyandikana nafe, achikulire ndithu, anali atavula juzi n'kuikoleka pamtengo, akuwokera mbande za tomato m'mizere yowongoka bwino. Titapatsana moni ndinawafunsa ngati amva za Loweruka.

"Ndamva, mayi," anatero osadzutsa mutu. "Koma gwirani dothili muone. Lafunda. Mbande zakula, m'timachubu mwathina. Ndikadikira zipsa mtima."

"Nanga chisanu chikawauka, bambo?"

"Ndivundikira. Zikapulumuka ndakutsogolerani masabata awiri. Zikafa, m'nazale mwatsala zina."

Ndinaseka, chifukwa mawu awo ali ndi mutu. Munthu amene wasunga mbande zina akhoza kutchova njuga ndi nyengo. Ine ndilibe zapadera, ndiye zanga zikhala m'thireyi pakhonde mpaka mzere wabuluuwo udutse. Masana ndimazitulutsa kuti zizolowere dzuwa ndi mphepo, madzulo n'kuzilowetsa. Tomato sapirira chisanu ngakhale pang'ono. Usiku umodzi wokha, m'mawa mumapeza masamba ada bii, alefuka ngati awathira madzi otentha.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi pichesi uja, chifukwa mtengo sunganyamulidwe kulowa nawo m'nyumba. Mphukira ikakhala chifumbatire m'nyengo yozizira imapirira kuzizira kwakukulu. Ikangoyamba kutupa, kupirirako kumachepa tsiku ndi tsiku, ndipo duwa likatseguka lonse, madigiri 2 pansi pa ziro amayamba kale kupha ena. Kukafika pa 4 pansi pa ziro, ambiri amapita. Choipa n'chakuti kunja duwa limaonekabe bwinobwino. Muyenera kuling'amba ndi chikhadabo n'kuyang'ana pakati pamene chipatso chimayambira: pakakhala pobiriwira ndiye kuli moyo, pakada ndiye chaka chimenecho mwagwa nayo. Mtengo ukanyengeka ndi sabata yofunda subwereranso m'tulo.

Alimi akuluakulu amazidziwa bwino zimenezi. Mu March 2012 kunafunda modabwitsa ku Michigan, ku United States, mitengo ya matcheri n'kuphukira nthawi isanakwane. Chisanu cha mu April chinawononga pafupifupi zokolola zonse za matcheri owawasa chaka chimenecho. Ku France zinachitikanso mu 2021: kumapeto kwa March kunatentha ngati chilimwe, ndipo sabata yoyamba ya April chisanu chinagwera minda ya mphesa ndi ya zipatso. Zithunzi zake zinafala paliponse, alimi atayatsa makandulo akuluakulu m'mizere ya mphesa usiku wonse. Kuzizira kwa mu April kumadera amenewo si kwachilendo. Chimene chinapha mbewu ndi kufunda kumene kunatsogola.

Masana anadutsa mwaulesi. Msewu wonse unali panja: wina akutsuka galimoto, wina akupenta geti, ana akuthamanga opanda nsapato. Ndinachapa zofunda zonse zolemera chifukwa tsiku louma ngati ili silibweranso posachedwa, ndipo zinauma ndisanamalize kusesa. Mwana wanga wamkazi anabwera kusukulu akuyetsemula, maso ali psuu ndi mungu, koma ali wosangalala. Anandiuza kuti dzulo analongedza majuzi ake onse m'sutikesi n'kuikankhira pansi pa bedi.

"Katulutsemo awiri," ndinatero.

"Amayi, kukutentha chonchi?"

Ndinamuonetsa mapu aja. Anayang'ana timano tabuluu, anayang'ana kumwamba kopanda mtambo, n'kugwedeza mutu ngati akuti akuluakulu amakonda kudandaula zinthu zisanachitike. Sindinalimbane naye. Loweruka limuyankha.

Cha m'ma folo mphepo inayamba kulimba, yofundabe, koma yobwera mwa mafunde. Imakhala chete, kenako n'kukuntha zitseko. Maluwa ena a pichesi anayamba kuyoyoka, ndipo kumadzulo kunaoneka timitambo topyapyala tam'mwamba kwambiri. Ndinatenga makwerero n'kukachotsa masamba ouma amene anadzaza m'ngalande za padenga, chifukwa mvula ya mtundu uwu imagwa yambiri nthawi yochepa ndipo ikapeza njira yotsekeka imalowera kukhoma. Ndinamangitsa nthambi ina yofooka, ndinachotsa mabeseni ndi mipando pabwalo. Ntchito zosasangalatsa kuzilemba.

Anthu amaopa usiku wa mabingu, koma kwa mbewu usiku umenewo suvuta kwenikweni, pokhapokha kutagwa matalala. Mitambo imasunga kutentha kwa nthaka, ndipo mphepo imasakaniza mpweya kuti wozizira usakhazikike pansi. Woopsa ndi usiku wotsatira, pamene barometer yakweranso, kumwamba kwayera mbee, nyenyezi zili waliwali, mphepo yaleka. Pamenepo nthaka imataya kutentha kwake kopanda chotchinga, ndipo kuzizira kumafika pachimake mbandakucha, dzuwa litatsala pang'ono kutuluka. Mpweya wozizira umatsetserekera kumalo otsika n'kudikha kumeneko, ndiye dimba la kumunsi limapsa pamene la pamtunda lapulumuka. Chinanso, kutentha kumene amalengeza amakuyeza pa mita imodzi ndi theka kapena awiri kuchokera pansi. Akanena kuti kufika madigiri 3, pa udzu pakhoza kukhala pa ziro kale. N'chifukwa chake sindikhulupirira nambala imene yangotsala pang'ono kufika pa ziro.

Dzuwa litapendeka ndinathirira pansi pa pichesi mokwanira, ngakhale mvula ikubwera, chifukwa sindidziwa ngati igwe yolowa pansi kapena yongonyowetsa fumbi. Dothi lonyowa limasunga kutentha kwa masana kuposa louma, n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku. Ndinafukula masaka ndi nsalu zakale m'chipinda chosungira katundu n'kuziunjika pafupi ndi khomo. Pulasitiki sindiifuna: ikakhudza tsamba, kuzizira kumadutsa ngati palibe kanthu. Chovundikira chiyenera kufika pansi ndithu, n'kuchipsinja ndi miyala, kuti chigwire kutentha kochokera m'nthaka. Kungokulunga nthambi pamwamba n'kusiya kunsi kuli pululu n'kudzivutitsa chabe. Mtengo wonse sindingaukwanitse, wakula. Ndasankha nthambi za m'munsi, za mbali ya khoma, ndipo zam'mwambazo zidzionera zokha.

Bambo aja anasuzumira pampanda ndikupinda masaka, n'kufunsa ngati ndili ndi ena otsala. Ndinawapatsa atatu. Anandiuza kuti iwo avundikira mbande zawo ndi zidebe zozondotsa, n'kuika mwala pamwamba pa chilichonse. Tagwirizana kuti Loweruka tivundikire dzuwa lisanalowe, nthaka ikadali yofunda, ndipo Lamulungu tivundukule chisanu chikangosungunuka kuti njuchi zipeze maluwa amene atsale. Amene ayambe kudzuka agogode kwa mnzake.