Momwe tinakonzetsera zenera lokumbukira asilikali apamadzi

M'tchalitchi chathu cha Angilikani, kugombe la kum'mwera kwa England, muli zenera la magalasi amitundumitundu lokumbukira anyamata a m'parishi amene anafera pa nkhondo ya panyanja ya Jutland, m'kati mwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pa 31 May ndi 1 June 1916, pomwe asilikali apamadzi a Britain oposa 6,000 anaphedwa. Ambiri mwa iwo alibe manda chifukwa anamira limodzi ndi sitima zawo, n'chifukwa chake mabanja ankasonkha ndalama zoikira mazenera otere. Mtovu wogwira magalasiwo utafooka, zenera n'kuyamba kupindika, komiti ya parishi inandisankha kuti ndiyendetse ntchito yolikonzetsa.

Mu mpingo wa Angilikani wa ku England (Church of England) zenera lotere silizulidwa popanda chilolezo chotchedwa faculty. Komiti itavomereza ntchitoyo pamsonkhano, ndinalemba zikalata ziwiri, china chofotokoza kufunika kwa zeneralo m'mbiri ya tchalitchi, china chofotokoza chifukwa chake liyenera kukonzedwa, ndipo ndinazitumiza ku komiti yolangiza ya dayosizi pamodzi ndi lipoti la katswiri wa magalasi. Kenaka tinamata chidziwitso pakhomo kwa masiku 28, monga lamulo linkanenera panthawiyo, kuti wosagwirizana nazo alankhule, ndipo nthawiyo itatha woweruza wa dayosizi, amene amatchedwa Chancellor, anapereka chilolezo. Gawo lina la ndalama tinalipempha ku War Memorials Trust, bungwe lothandiza kusamalira zikumbutso za nkhondo.

Chimene chinandidyera nthawi kwambiri ndi mayina. Zilembo za pa zenera lotere zimalembedwa ndi utoto wosakaniza ndi fumbi la galasi, kenaka n'kuwotchedwa m'ng'anjo kuti zikanirire, koma ngati moto sunakwane, chinyezi chimazisupula pang'onopang'ono. Kwathu mayina ena anali atatsala zilembo zochepa chabe. Ndinawafufuza m'kaundula wa Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda ndi mayina a ofera pa nkhondo, kenaka ndinapita kukawatsimikiza pa chipilala cha Portsmouth Naval Memorial ku Southsea. Apa ndi bwino kudziwa kuti ofera panyanja m'nkhondo imeneyo analembedwa molingana ndi doko limene ankachokera pa usilikali wawo, kaya Portsmouth, Plymouth kapena Chatham, osati mudzi wobadwira, moti dzina losowa pa chipilala chimodzi lingapezeke pa china. Ena mwa athuwo anali m'sitima ya HMS Queen Mary, imene inaphulika n'kupha anthu oposa 1,200.

Ineyo ndinkafuna kuti zilembozo zilembedwenso pagalasi lakale, koma katswiri anakana, ndipo mfundo yake inali yomveka: kubwezera galasi lakale m'ng'anjo kungawononge utoto wotsalawo, komanso kungasokoneze ntchito ya mmisiri woyamba. M'malo mwake analemba zilembo zosowazo pagalasi lina lopyapyala n'kuliika kumbuyo, kuti dzina liziwerengeka koma chakale chisakhudzidwe. Asanamasule chilichonse anadinda papepala momwe mtovu unayendera, kenaka anatsuka kachidutswa kalikonse ndi thonje lonyowa pang'ono, n'kumanganso zenera ndi mtovu watsopano.

Pobwezeretsa, zeneralo analisunthira mkati pang'ono, ndipo pamalo pake pakale anaikapo galasi loteteza, n'kusiya mpata woti mpweya wa m'tchalitchi uzidutsa pakati, kuti chinyezi chizigwira galasi lakunjalo. Mayina otsimikizikawo, pamodzi ndi zithunzi, ndinawatumiza ku kaundula wa zikumbutso za nkhondo wa Imperial War Museums, bungwe losunga mbiri ya nkhondo ku Britain.