Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Phewa linandisowetsa tulo

Gawo lapita lija ndinasiyira pamene ananditulutsa m'chipatala ku Maputo atandichita opaleshoni ya mtima yotchedwa bypass, yoika mitsempha yatsopano ya magazi, pachifuwa atasokapo, kumwendo atasokakonso. Ambiri mwakhala mukufunsa kuti chilonda chinapola bwanji, chinapola bwinobwino abale, Mulungu ngwabwino. Chimene chinandizunza ine ndi phewa lakumanzere, ndipo ndi nkhani yomwe ndikufuna ndiifotokoze bwino chifukwa ndikudziwa alipo ena akuvutika nayo mwakachetechete.

Kuchoka ku Maputo tinakwera ndege, adokotala anakaniratu zoti munthu wong'ambidwa pachifuwa akhale m'basi makilomita opitirira 1,500 akugwedezeka. Titatsika pa Chingodzi ana anagwirizana kuti ndisapitirire kwathu ku Ulongwe, ndiyambe ndakhala kaye kwa mwana wanga wamkazi ku Matundo, poti chipatala chachikulu chili pafupi, ungowoloka mlatho wa Samora Machel basi wafika. Unali mwezi wa Okutobala, amene mumaidziwa Tete mukudziwa zimene ndikunena, kutentha kofika madigiri 40 ndi kupitirira, ife anthu a ku Angónia ozolowera kamphepo ka kumapiri timangoti kakasi. Ndiye munthu uzigona chagada usiku onse osatembenuka, thukuta lili kamukamu kumsana, fani ikungozunguza mpweya wotentha womwewo.

Ululu unayamba pang'onopang'ono. Poyamba kunkangolemera kumbuyo kwa phewa, pakati pa fupa lophwatalala lija ndi msana, kenako n'kumakwera m'khosi, madzulo ndiye kunkanyanya. Kuvala malaya inasanduka ntchito ya anthu awiri, mayi a kunyumba ankayamba kulowetsa mkono wakumanzere kenako n'kuzunguliza malayawo kumbuyo. Kachala kakang'ono ndi chinzake choyandikana nacho zinachita dzanzi, ukagwira kapu sukumva bwino kuti wagwira.

Chomwe chinandiopsa kwambiri n'chakuti matenda a mtimawa anandiyambira paphewa lomweli. Amene munawerenga magawo oyambirira mukukumbuka, ndinkati ndikamakwera chitunda kuchokera kudimba nditasenza mbatatesi phewa limalemera, mkono n'kufooka, ndikaima pang'ono zimaleka. Ndiye taganizani, mwapita kutali, abale asonkha ndalama, ng'ombe zagulitsidwa, mwang'ambidwa, kenako malo omwe aja ayambanso kuwawa. Mumtima ndinangoti basi mitsempha yatsopano ija yatsekeka.

Usiku wina ndinalephera kupirira ndinadzuka n'kukhala m'mphepete mwa bedi, dzanja lamanja lili paphewa.

"Bambo, mwadzukiranji?"

"Mayi, zija zayambanso."

Sanafunsenso kawiri, anamanga kapulana n'kukagogoda kuchipinda kwa ana, mkamwini analiza galimoto, tinawoloka Zambezi mumdima palibe woyankhula. Kuchipatala anandimata timawaya pachifuwa kuyeza kagundidwe ka mtima (ECG), anatenga magazi oti aone ngati mtima wavulala, anamvetsera m'mapapo, anayang'ana chilonda. Titadikira zotsatira kunja kukuyera, dokotala wachinyamata anabwera n'kukanikiza ndi chala chachikulu kumbuyo kwa phewa kuja, ine kukuwa. Anandiuza ndikweze mkono, kukuwanso. Iye anangogwedeza mutu nati papá, mtima uli bwino, uwu ndi mnofu ndi mitsempha ya mkono. Ankayankhula Chipwitikizi chosakaniza ndi Chinyungwe, mwana wanga ndi amene ankandimasulira pomwe ndasochera, koma anafotokoza modekha ndipo ndimamuthokoza mpaka lero.

Zimene anandiuzazo ndi izi, ndizinena mmene ndinazimvera. Pa opaleshoni ya bypass amadula fupa la pakati pachifuwa kuchokera mmwamba mpaka mmunsi, kenako amaikapo chitsulo chokanula kuti aone mtima, ndiye nthiti zonse zimakankhidwira kumbali ndipo mphamvu yake imakathera kumbuyo komwe nthitizo zimalumikizana ndi msana. Mbali yakumanzere amaitukula kwambiri chifukwa mkati mwa chifuwa mbali imeneyo muli mtsempha wa magazi wabwino kwambiri womwe amausendeza n'kukaulumikiza ku mtima, wina uja ndi amene amatenga kumwendo. Zonsezi zimatenga maola 3 mpaka 6 munthu uli gone malo amodzi osasuntha. Tsono pali mitsempha ina, osati ya magazi koma yotumiza mauthenga, imene imachokera m'khosi n'kudutsa pansi pa fupa lopingasa lija la m'munsi mwa khosi ndi pamwamba pa nthiti yoyamba kupita kumkono, ikakokeka kapena kupanikizika ndi pomwe zala ziwiri zija zimachita dzanzi. Anatinso mapaipi aja amaika otulutsa madzi ndi magazi m'chifuwa amatha kukhudza mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, ndipo mnofu umenewo ukanyansidwa ululu wake umakamvekera paphewa, ngakhale kuti zimenezo zimachitika kwambiri masiku oyambirira aja mapaipi akadalipo.

Kenako anandiyang'ana mmene ndakhalira pampando nati onani, mwawerama, mapewa mwawakokera kutsogolo, mkono mwaumata pamimba. Zinali zoona, chichokereni ku Maputo thupi linkangodzipinda lokha kuteteza chilonda, ngakhale poyenda mkono wakumanzere sunkagwedezeka. Anati ambiri amatero chifukwa cha mantha, koma phewa likakhala osayenda limauma, ndipo kwa ife a shuga ndiye limauma msanga, likafika pouma penipeni limatha kutenga chaka kapena kupitirira kuti limasuke. Ine ndinaganiza za ngolo yathu kumudzi, ikakhala dzinja lonse pansi pa mtengo osayenda, tsiku lomwe mwamangirira ng'ombe mateyala amayamba akana kaye kwinaku akulira.

Pano ndiime kaye, chifukwa sindikufuna wina awerenge izi n'kunena kuti aaa ndiye kuti phewa likawawa ndi mnofu chabe tigone. Ayi ndithu. Dokotala yemweyo anati munachita bwino kubwera usiku, ndipo zikadzachitikanso mosiyana ndi lero mudzabwerenso. Ululu wa mnofu umasintha ukakanikiza kapena ukasuntha mkono, umatha kuuloza ndi chala kuti ndi apa. Wa mtima sulozeka, umangolemera ngati wina wakukhalira, kawirikawiri umabwera ukamayenda kapena kukwera, umatha kupita ku nsagwada kapena kutsika mkono, pamodzi ndi kubanika, thukuta lozizira, nseru kapena chizungulire, umenewo osadikira kuche. Ndipo a shuga tizisamala kwambiri poti nthawi zina zizindikiro zathu zimabwera mozizira. Palinso wina wobaya, umanyanya ukagona kapena ukakoka mpweya kwambiri n'kumachepa ukakhala tsonga utaweramira kutsogolo, nthawi zina ndi kutentha thupi, umenewo ukhoza kukhala kutupa kwa kathumba kokuta mtima, zimachitika pakapita masabata angapo chichitireni opaleshoni ndipo zimafuna mankhwala a kuchipatala. Chilonda chikayamba kutulutsa mafinya, kufiira, kapena fupa la pachifuwa likamamveka kuti khekhe ukamatembenuka, thamangani.

Nkhani itafika kumudzi kuti phewa lavuta, anthu anayamba kubwera. Atsibweni anga, munthu wamkulu wa zaka zambiri, anakwera chapa kuchokera ku Dómuè atamanga kanthu pakansalu. Atapuma n'kumwa madzi anati mphwanga, a chipatala achita mbali yawo, tsono ichi ndi chamthupi mwathu, tingotemera timphini tiwiri titatu paphewapo mawa udzuka uli bwino. Ndinawayang'ana ndipo misozi inalengeza, chifukwa ndi anthu omwe anandilera bambo atamwalira, ulendo wonsewo ayenda ndi chikondi basi. Ndinawaonetsa mapepala a mankhwala ndinati atsibweni, tsiku lililonse ndikumwa aspirin ndi clopidogrel kuti magazi asaundane m'mitsempha yatsopanoyi, ngakhale ndikadzicheka pometa magazi amachedwa kuleka, ndiye lezala pathupi panga pano ayi, komanso ndi shuga uyu kabala kakang'ono kamatha kukula. Anakhala chete kanthawi kenako anati chabwino mwana wa mlongo wanga, moyo ndi wako. Kansalu kaja anabwerera nako.

Alamu anga nawo anabwera ndi mapilitsi a diclofenac ogula pamsika, akuti iwo msana ukawavuta amamwa awiri basi kwatha. Awa ndiye ndikufuna ndinenetse, chifukwa mapilitsi amenewa ndi anzake a ibuprofen ali mbwee m'misika mwathu, akugulitsidwa padzuwa limodzi ndi sopo ndi machesi, wogulitsa sakufunsa n'komwe kuti mukudwala chiyani kapena mukumwa chiyani. Kwa munthu wa mtima ndi oopsa, akaphatikizana ndi aspirin amatha kuboola m'mimba munthu n'kumataya magazi mkati, amavutitsa impso, amakweza BP, komanso amawonjezera ngozi ya mtima womwewo. Ine adokotala anandilola paracetamol yekha, ndipo anati ndisapitirire magalamu 4 pa tsiku, ndiye kuti mapilitsi 8 a 500 mg, ogawa bwino osati kamodzi. Zimandiwawa ndikaganiza kuti ndi angati akumwa zimenezi kumidzi osadziwa.

Chomwe chinandichiritsa ndi kuyendetsa mkono, pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku. Mayi wina wa fiziyo kuchipatala anandiphunzitsa kukhala mowongoka, kuzunguliza mapewa kumbuyo, kutembenuza khosi mbali ndi mbali, kukweza mikono yonse iwiri limodzi kutsogolo mpaka pomwe ululu wayambira n'kuima pomwepo, iwiri limodzi kuti fupa la pachifuwa lisakokeke mbali imodzi. Fupalo amalimanga ndi mawaya ndipo limafuna masabata 6 mpaka 8 kuti ligwirane, ena mpaka 12, ndiye nthawi yonseyo osanyamula choposa makilo 5, osakankha, osakoka, podzuka pampando osatsamira manja, potsokomola kapena kuyetsemula kukumbatira pilo pachifuwa. Makilo 5 ndi pang'ono abale, ndowa ya malita 20 ija amayi amasenza mmawa uliwonse ndi makilo 20.

Panali kamdzukulu kanga ka zaka ziwiri, kanazolowera kuti ndikabwera ku Tete ndimakaponya mmwamba. Kankabwera katatambasula timanja, "ambuye nyamule, ambuye nyamule," ine n'kumangokasisita kumutu. Tsiku lina kanalira mpaka kudzigwetsa pansi, ine ndinalowa m'nyumba chifukwa sindikanatha kuonerera. Pambuyo pake amake anapeza nzeru, ndikakhala pampando amakakweza okha n'kukakhazika pamwendo wamanja, wosachekedwa uja, n'kukauza kuti pachifuwa pa ambuye pali bala osagunda. Kanamva, kankangoloza ndi kachala n'kumati pepa.

Atandilola kuyamba zokwawitsa zala pakhoma, mayi a kunyumba ndi amene anakhala kapitawo. Mmawa uliwonse dzuwa lisanakwiye timayenda kaye pang'ono mumsewu, pobwera ndimaima moyang'ana khoma lakuseri kwa khitchini, zala n'kumakwera ngati zikuyenda, pomwe ndalekezera iwo amalembapo ndi khala. Mzere woyamba unali m'munsi mwa phewa penipeni, ndinauyang'ana n'kumva chisoni kuti ine amene ndinkakweza thumba la mbatatesi pangolo ndekha ndafika apa. Iwo amangoti bambo musayang'ane wa lero, tidzaona Loweruka. Masiku ena mzere sunkasuntha, ena unkabwerera pansi makamaka ndikagona moipa, koma pakutha pa sabata umapezeka wakwera ndithu. Madzulo amandithowa ndi kansalu ka madzi ofunda kumbuyo kwa phewa ndi m'khosi, kutali ndi chilonda, pogona n'kuika kapilo pansi pa mkono kuti phewa lisalendewere. Tulo tinayamba kubwera.

Nditapitanso kukaonana ndi adokotala anandilola kugona chammbali komanso kubwerera kwathu. Tinadzera ku Moatize n'kuyamba kukwera, mpweya ukusintha, pofika ku Ulongwe mvula inali itagwa kale anthu ali pakalikiliki kubzala, fungo la dothi lonyowa lili ponseponse. Khasu sindinaligwire chaka chimenecho, anyamata ndi aganyu ndi amene analima, ine ndimangoyenda m'mizere ndi kandodo kuloza apa ndi apo, ndipo anzanga ena ankadabwa kuti munthu ukuoneka bwinobwino bwanji sukulima, poti bala la mkati saliona. Ululu weniweni unatha patapita miyezi ingapo, dzanzi la zala ndi lomwe linachedwa, linkachoka pang'onopang'ono mpaka tsiku lina ndinangozindikira kuti ndikumanga mabatani a malaya ndekha. Mpaka pano Juni akafika ndi chisanu chathu chija phewa limalimbako mmawa, ndimaima pakhoma n'kukwawitsa zala ngati kale, likamasuka ndimapita kudimba.

Gawo likubwerali ndidzanena za mwendo womwe anachotsako mtsempha, mmene unkatupira, komanso vuto lopeza mankhwala a mwezi ndi mwezi kuno kwathu, poti ena timachita kuitanitsa ku Tete ena mpaka kuwoloka pa Calómuè kukafuna ku Dedza.