Zaka zisanu tikuumba mabuloko, diso lili pa maikulosikopu

Mwezi uno takwanitsa zaka zisanu chiyambireni kuumba mabuloko a simenti. Tinayamba ndi chikombole chimodzi, wilibala ndi anyamata awiri, titaona kuti lamulo la 2018 loletsa njerwa zowotcha pa zomangamanga zikuluzikulu lachititsa anthu ambiri kufuna mabuloko.

Chaka chachiwiri sindidzachiiwala. Mpanda wa mayi wina, womangidwa ndi mabuloko athu, unayamba kuyoyoka mvula itangogwa kangapo. Ukakanda ndi chikhadabo, mchenga umangotsika waa. Ndinawabwezera ndalama zawo zonse. Wakatapila amene ndinakongolako sanafune kumva chilichonse, anadzanyamula makina athu osakanizira dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona.

Ine ndinkaloza chala simenti. Mlamu wanga, amene anaphunzira za miyala, anangoti, "Alamu, tandipatsani chibenthu cha bulokolo." Anachipala mpaka kusalala, n'kuchiika pansi pa maikulosikopu, chipangizo choonera tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Zimene ndinaona zinandikhalitsa pansi. Kamchenga kalikonse kanali katavala chikhoto cha dongo, ndipo pakati pa mchenga ndi simenti panali kampata kopyapyala ngati tsitsi. Simenti inagwira dongo, osati mchenga. Panalinso timibulu tambiri ta simenti tomwe sitinalawe madzi n'komwe, chifukwa tinkayanika mabuloko padzuwa ngati chimanga. Pamenepo ndipo ndinamvetsa kuti simenti silimba chifukwa chouma ayi, imalimba ikamamwa madzi pang'onopang'ono. Mchenga uja, amene anatigulitsa analumbira kuti ndi wa kumtsinje, chonsecho anakumba kudambo. Akudzidziwa okha.

Ndinagulitsa njinga yamoto n'kugula maikulosikopu yogwiritsidwapo kale ntchito. Lero lole ya mchenga sitsitsa katundu pano ndisanayang'ane. Timathiranso mchengawo m'botolo la madzi, kukhutchumula, n'kudikira kuti dongo lidekhe pamwamba pa mchenga tione kuchuluka kwake. Mabuloko timawathirira masiku 7 atafunditsidwa, ndipo timauza aliyense poyera kuti konkire imayezedwa mphamvu yake pa masiku 28, choncho kuthamangira kumangira buloko la dzana n'kudzipweteka.

Ndithokoze Mulungu amene watisunga. Zikomo mayi a kunyumba, amene munapirira miyezi ija tikudya nsima ya ndiwo zamasamba zokhazokha. Zikomo alamu, munanditsegula maso. Anyamata anga, amene munagwira miyezi iwiri osalandira kanthu koma osathawa, Ambuye akudalitseni. Amisiri amene mumatitumizira makasitomala, komanso mayi a mpanda uja, amene anabweranso kudzagula kwa ife, sindikudziwa kuti ndingakuthokozeni bwanji.

Ngati mukumanga, bwerani ndi mchenga wanu m'kabotolo, kapena chibenthu cha konkire imene yayamba ming'alu. Tidzakhala nanu pansi, muyang'ane nokha pa maikulosikopu. Ogula mabuloko kwa ife timawayezera mchenga womangira ulere, ndipo mabulokowo timakufikitsirani pamalo pomwe mukumanga.