Momwe ndinaikira kadontho ka ku Ngabu pa mapu a ofufuza za intaneti

Mnzanga wina wophunzitsa ku yunivesite ku Blantyre ananditumizira mapu a dziko lonse lapansi pa WhatsApp, nati, "Achimwene, taonani kwanuko kuli mbee." Ku Ulaya timadontho tinali tothithikana ngati nyerere pa shuga wa ku Nchalo, koma kuchokera pa Thabwa mpaka ku Marka sindinaone n'kamodzi komwe. Kadontho kalikonse ndi probe ya RIPE Atlas, kachipangizo koyeza mayendedwe a intaneti. Ntchitoyi inayamba mu 2010, imayendetsedwa ndi RIPE NCC ya ku Amsterdam, ndipo ma probe ake ndi oposa 10,000. Akatswiri amene akukonza intaneti ya m'tsogolo amawerenga zotsatira zake. Kumene kulibe kadontho, amangoganizira.

Ndinayamba ndi kutsegula akaunti ya RIPE NCC Access. Zimenezo n'zosavuta, bola imelo. Kenaka pali njira ziwiri: kupempha kabokosi kawo akutumizire, kapena kuika pulogalamu yawo pa kompyuta yako. Ine ndinaopa kudikira katundu wapapositi, ndiye ndinatenga Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono ngati kabokosi kamene timaphunzitsira ana, n'kuikamo pulogalamuyo. Ikangolowa imapanga kiyi, zilembo zambirimbiri zosawerengeka, zomwe umakopera n'kumata pa fomu yawo. Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Ndinasiya zilembo za kumapeto, ndipo ndinatha masiku awiri ndikutukwana netiweki, chonsecho wolakwa ndinali ine.

Chovuta chenicheni chinali a hedi. Atangomva kuti kabokosi kazilankhula ndi azungu usana ndi usiku, anavula magalasi. "Aphunzitsi, mukufuna mayeso a ana athu azikawerengedwa kunja?" Sindinawaseke, funsolo n'lanzeru. Ndinawafotokozera kuti probe siwerenga zimene anthu akutumizirana. Imangotumiza timauthenga take, ngati mwana woponya mwala m'chitsime n'kumvetsera kuti ufika liti. Ping imayeza nthawi yopita ndi kubwera, traceroute imaonetsa malo onse amene uthenga wadutsa. Anavomera, koma anati bandulo ndizilipira ndekha.

Kenaka magetsi. Aliyense wa kuno akukumbukira January 2022, namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira, ndi March 2023 pamene Freddy anadula misewu ndi mawaya. Ngakhale kopanda namondwe, magetsi athu ndi mlendo. Ndinalumikiza Pi ndi rauta ku batire ya sola. Poyamba ndinazitsekera m'kabati kuopa fumbi, koma mu Okutobala, kutentha kutapitirira madigiri 40, kabokosi kanatentha ngati mbaula n'kuyamba kuzimazima. Pano kali pa shelefu pafupi ndi zenera, pa tinjerwa tiwiri kuti mphepo izidutsa pansi.

Tsiku limene tsamba lawo linalemba kuti Connected, ndinakuwa ngati Bullets yagoletsa.

Probe ikakhala yoyaka umapeza makirediti, ndipo ndi omwewo umapempha ma probe a anzako ku Nairobi kapena ku London kuti akuyezere zako. Ine ndinayamba ndi kuona njira ya uthenga wochoka pa Ngabu. Dziko lathu lilibe doko, ndiye chilichonse chopita kutsidya chimayenda pamtunda kudzera kwa anansi athu mpaka chikalowe m'zingwe za pansi pa nyanja monga EASSy ndi SEACOM. Mu May 2024 zingwe ziwirizi zitaduka, intaneti inakwawa ku Malawi, Tanzania ndi Mozambique. Ana a Fomu 4 anamvetsa nkhaniyi msanga ataona mndandanda wa traceroute kusiyana ndi zonse zimene ndinkajambula pa bolodi.

Pa tsamba la probe yanga panalembedwanso kuti IPv4 ikuyenda, IPv6 ayi; iyi ndi mitundu iwiri ya ma adiresi a pa intaneti, wakale ndi watsopano. Ma adiresi a IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni basi, ndipo anachepa kalekale, n'chifukwa chake dziko likusamukira ku IPv6. Ife sitinanyamule n'komwe akatundu.

Chimene chimandikoka mtima kwambiri ndi kafukufuku wa DTN, maukonde opirira kuduka. Anayamba ndi a NASA, bungwe la ku America loona za m'mlengalenga, pamodzi ndi Vint Cerf, mmodzi mwa oyambitsa intaneti, poganizira zolankhulana ndi zombo za m'mlengalenga: uthenga umasungidwa panjira mpaka mpata utapezeka, monga amachitira wa bwato pa Mtayamoyo podikira madzi aphwe. Mu 2022 bungwe la IETF, lokonza miyezo ya intaneti, linatulutsa kalata yotchedwa RFC 9171 yofotokoza njirayi. Anaikonzera ku Mars, koma ine ndikaiwerenga ndimaona Makhanga m'nyengo ya dzinja.

Mnzanga uja akuti andilumikiza ndi anthu a mabungwe a MAREN ndi UbuntuNet Alliance, amene amagwirizanitsa mayunivesite athu ndi GÉANT, netiweki ya mayunivesite a ku Ulaya. Pakali pano ndikusaka munthu wa ku Bangula wokhala ndi sola yodalirika komanso shelefu imene madzi safikapo, kuti nayenso aike probe.