Kampira kanga kakufufuma kakamazungulira

Mpaka pano mtima sunakhale pansi ndi zomwe tinatsutsana ndi mnzanga masanawa. Ndinamuonetsa simulation (kuyerekezera pakompyuta momwe chinthu chimasunthira) yomwe ndakhala ndikulimbana nayo, kampira ka labala komwe ndinakagawa m'tizidutswa ta tetrahedron (timapiramidi ta mbali zinayi), kakagwa pansi kamabinyira bwinobwino nkubwerera, koma kakangoyamba kuzungulira basi kamafufuma ngati wina akukapopa mpweya. Iye kungoona anati aise ingoika position based dynamics zithe, opanga magemu ambiri amatero ndipo palibe amadandaula.

Sananame ayi. Njira ija ya Matthias Müller ndi anzake ya 2006 imathamanga, siphulika wamba, imangokankha mapointi kuti akhale pomwe akuyenera kukhala. Koma kulimba kwa chinthucho kumadalira ma iteration omwe wapanga (kangati wabwereza kuwerengera) ndi time step (kanthawi komwe simulation imalumpha pa sitepe iliyonse), ndipo apa ndi pomwe pamandiwawa, ine ndimafuna ndikalemba Young's modulus ya labala, nambala yoyezera kulimba kwake, chinthucho chikhaledi labala, osati nambala yongosinthasintha mpaka maso akhutire.

Vuto la kampira kanga ndikulidziwa. Ndinagwiritsa linear elasticity, njira yosavuta yowerengera momwe chinthu chimabinyira nkubwerera, masamu ake amayenda bwino chinthu chikabinyira kapena kutembenuka pang'ono chabe, ndiye chikatembenuka kwambiri amaona ngati chatambasuka, mphamvu zabodza nkubwera, voliyumu nkukwera. Mankhwala ake ndi corotational, umachotsa kaye kutembenuka kwa tetrahedron iliyonse ndi polar decomposition (masamu olekanitsa kutembenuka ndi kutambasuka), kuwerengera mphamvu, kenako nkubwezeretsa kutembenukako. Ndinamufotokozera zonsezi mpaka kujambula papepala, iye phee kumvetsera, pomaliza anangoti nanga woonerayo adziwa?

Funso limeneli ndi lomwe landikola. Sindinamuyankhe. Kuyambira 1987 pomwe wofufuza Terzopoulos ndi anzake anabweretsa masamu a elasticity mu graphics, zithunzi za pakompyuta, nkhani yake inali yoti chinthu chizisuntha chifukwa cha momwe chinapangidwira, munthu asamachiumbe ndi manja frame iliyonse, ndipo ine chimenecho ndi chomwe chinandikopa. Mwina woonera sadziwa, koma ine ndidziwa.

Dzulo lomwe, kapena dzana, ndinakweza Poisson's ratio, nambala yonena momwe chinthu chimafufumira mbali ukachifinya, kufika 0.49 kuti voliyumu isamasinthe ngati labala weniweni, kampira kanangouma gwaa ngati mwala, locking imeneyo, ma tetrahedron a linear amatero. Usiku uno corotational ndaiyamba, kufufuma kwasiya, koma kampira kakamenya pansi mwamphamvu tetrahedron imodzi ikumapindikira mkati nkukhala choncho osabwerera. Ndatsegula foni kawiri kuti ndimulembere, sindinalembe