Ulendo wa ku Thyolo: mlatho, mashelefu ndi nthutumba ya a Tcheya

A Tcheya anati lipoti la ulendo wa ife osunga mabuku a ku Mulanje, wokaphunzira ku laibulale ya anzathu a ku Thyolo, ndilembe ine, poti amayi mlembi mawu anawathera m'nyimbo ndipo cholembera anachiiwala m'minibasi. Amene aone kuti ndamunamizira adzadandaule pa msonkhano wa mwezi uno, osati pa gulu la WhatsApp pakati pa usiku.

Tinapangana kunyamuka pa Chitakale 6 koloko. Anzathu a ku Muloza ndi ku Limbuli, amene kwawo n'kutali, ndi amene anayamba kufika, atavala kale chitenje cha gulu. A pa boma pompa anatulukira dzuwa litakwera. Maina sinditchula, koma amene amasunga makiyi a kabati ya mabuku a MSCE akudzidziwa.

Tisanafike pa Chonde foni ya msungichuma inalira. Chinali chithunzi cha mlatho utakokoloka, pamodzi ndi mawu a bambo wina ali wefuwefu, akuti msewu wa ku Luchenza waduka ndipo magalimoto onse akubwerera. "Achimwene, taimani kaye!" anatero msungichuma. "Ine ndalama za anthu sindingakaziponye mumtsinje." Dalaivala anayesa kunena kuti wadutsa msewu womwewo dzulo lake, komanso kuti mvula sinagwe n'kadontho komwe. Palibe anamumvera. Ena anati tibwerere tikadzere msewu wa Midima mpaka ku Limbe, n'kutsikira ku Bvumbwe. Kondakitala, amene anali m'tulo chichokereni pa Chitakale, atangomva za kuzungulira anadzidzimuka n'kuyamba kuwerengera mafuta pachikhatho. Amayi a ku Limbuli anayambitsa pemphero. Aphunzitsi athu opuma anangoti chete, maso ali kunja.

Lero tikuseka, koma pamene paja panalibe woseka. Munthu wa ku Mulanje amene anaona namondwe Freddy mu Malichi 2023 sachedwa kukhulupirira akamva kuti madzi atenga mlatho, ndipo m'minibasi muja munali anthu amene anataya abale ndi nyumba. Mabodza a pafoni amalowera pomwepo, pamene mtima uli kale ndi bala.

Anatipulumutsa ndi mtsikana wathu wa Fomu 4, uja amathandiza kudinda mabuku Loweruka. Anapempha foni mwaulemu, n'kukulitsa chithunzi chija ndi zala ziwiri. "Amalume, taonani chimanga chili kuseri kwa mlathowu. Chamasula ngayaye. Nanga kunjaku anthu sakupanga mizere?" Tonse tinasuzumira pawindo: minda ili gwaa, fumbi lokhalokha. Anaonetsanso timivi tiwiri pamwamba pa uthengawo, tosonyeza kuti wadutsa m'manja mwa anthu ambirimbiri. Msungichuma sanagonjebe mpaka tinaimitsa wakabaza amene amachokera komweko atanyamula thumba la chinangwa. "Mlatho uti, bwana? Ine ndadutsapo pompano." Anatiyang'ana modabwa, minibasi yodzaza ndi osunga mabuku, n'kupalasa njinga yake.

Choncho tinafika mochedwa. Maganizo oti tikadutse pa Ndata kukaona yunivesite ya MUST, imene inatsegulidwa mu 2014, ndi Mpumulo wa Bata pamene anagona malemu Bingu wa Mutharika, tinawasiya pa Chonde pomwepo. Anzathu a ku Thyolo anatilandira ndi nyimbo ngati sitinawadikiritse, ndipo laibulale yawo, ngakhale ndi chipinda chimodzi chozunguliridwa ndi minda ya tiyi, ndi yosesedwa bwino kuposa zina zathu.

Tsopano za maphunziro, poti ndi zimene tinapitira. Mayi amene amayang'anira laibulaleyo anati luso lofufuza nkhani, kuisefa ndi kuigwiritsa ntchito linayamba kutchulidwa ngati phunziro palokha mu 1974 ndi Paul Zurkowski wa ku America, koma kaphunzitsidwe kake kamatsamira pa maganizo akale a momwe munthu amaphunzirira. B.F. Skinner ankati chizolowezi chimakhazikika ndi kubwereza komanso kuyamikiridwa ukachita bwino. Izi zimathandiza pophunzitsa manambala a pa mashelefu amene Melvil Dewey anayambitsa mu 1876, kuti za ulimi zili pa 630 ndipo zachipatala pa 610. Jean Piaget wa ku Switzerland ankati mwana amamanga yekha nzeru zatsopano pamwamba pa zimene akudziwa kale. Lev Vygotsky wa ku Russia, amene anamwalira mu 1934 ali ndi zaka 37 zokha, ankati pali zinthu zimene munthu sangachite yekha lero koma angazithe wina akamugwira dzanja pang'ono, kenako n'kumusiya. Ndipo Malcolm Knowles anakumbutsa kuti munthu wamkulu amaphunzira akaona kuti zimuthandiza pa vuto lake lenileni. Ena panthawiyi anali akuwodzera, ndinawaona.

Chimene chinatidzutsa ndi zimene amachita ndi alimi. Sawaimika pamzere n'kuwawerengera malamulo a laibulale monga timachitira ife. Amawakhazika atatuatatu, n'kuwapatsa funso limodzi, monga la ntchemberezandonda m'chimanga, ndi mapepala atatu: kapepala ka alangizi, nkhani ya m'nyuzipepala, ndi uthenga wa pa WhatsApp wolemba pamanja. Ntchito ya alimi ndi kukangana okha: walemba ndani, analemba liti, apindulapo chiyani tikamukhulupirira? Wosunga mabuku amangozungulira, apa afunse kafunso, apo aloze shelefu. Tinayeserera ifenso, ndipo phokoso lake linafika kumsewu. Kwa ine apa ndi pamene Vygotsky uja anamveka, osati pa bolodi.

Tsoka ilo, wina anaulula za mlatho. Mayi aja anaseka mpaka misozi, n'kuisandutsa chitsanzo cha masana onse, ndipo mtsikana wathu anamuimiritsa kutsogolo tonse n'kumuwombera m'manja. Kuyambira pamenepo msungichuma wakhala "a Mlatho", ndipo akuyankha.

Chakudya chinali nsima, nkhuku yachikuda, mpiru wotendera ndi kalongonda. Mkangano woti kalongonda amaphika bwino ndani, a Thyolo kapena a Mulanje, sunathe ndipo sudzatha. Anzathu akuti wawo anagona pamoto usiku wonse, madzi akutayidwa n'kuthira ena, poti aliyense amadziwa zimene kalongonda wosapsa amachita m'mutu mwa munthu. Mlamu wathu wa ku Dedza atamva zimenezo anakankhira mbale kutali, koma pomaliza tinamupeza akunyambita zala.

Nkhani yaikulu inali nthutumba. Eni ake analengeza kuti aisungira a Tcheya monga mlendo wamkulu, koma povundukula mbale munalibe. Amayi ophika analumbira kuti anaiika ndi manja awo. A Tcheya anati zilibe kanthu, koma nkhope inkanena zina. A Mlatho, pofuna kubweza moto, anati mtsikana uja afufuze poti ndiye katswiri. Mwana waulemu, anakana. Aphunzitsi opuma ndi amene anafunsa mofatsa kuti ndani anatuluka m'chipinda nthawi ya Piaget n'kubwerera nthawi ya Knowles milomo ikunyezimira. Maso onse anatembenukira kwa dalaivala, amene mwadzidzidzi anakumbukira kuti tayala lakumbuyo likufunika mpweya.

Tikuthokoza anzathu a ku Thyolo chifukwa cha chikondi chawo ndi paketi ya tiyi imene aliyense analandira, ngakhale kuti tiyi kwathunso aliko. Zikomo amayi ophika, amayi a ku Limbuli chifukwa cha mapemphero, ndi achemwali a ku Muloza amene anabweretsa nanazi wokwanira minibasi yonse. Tagwirizana kuti laibulale iliyonse iyese njira ya mapepala atatu ija kamodzi mwezi usanathe, ndipo idzafotokoze zotsatira. Anzathu abwera kudzabweza ulendo mvula ikatha, ndipo apempha kuti tidzawatengere ku Likhubula akaone Dziwe la Nkhalamba. Nkhuku zidzafunika ziwiri, dalaivala adzadyera panja. Amene sanamalize ndalama ya thiransipoti akaonane ndi a Mlatho lisanafike Lachisanu.