Zoyera za pansi pa botolo: zimene ndinakaphunzira ku Lusaka

Basi inanyamuka pa Chipata kusanache. Ndinali nditadutsa pa chipata cha Mwami dzulo lake kuchokera kwathu ku Mchinji, nditanyamula kathumba ka mtedza ka mlongo wanga amene anakwatiwa ku Lusaka kalekale. Unali mwezi wa Okutobala 2024, dzuwa likuswa mtengo. Katete, Petauke, nthochi za pa Nyimba, kenako msewu wokhotakhota wa m'mapiri mpaka pa mlatho wa Luangwa, pamene amayi amagulitsa nsomba zouma ndi madengu. Pofika pa siteshoni ya mabasi ya Intercity ku Lusaka miyendo inali itachita dzanzi, ndipo angwangwazi anali atagwira kale chikwama changa ndisanatsike bwino. Amene anandilanditsa ndi mwana wa mlongo wangayo, mtsikana amene ndinamubaya ndekha katemera wa chikuku ali wakhanda, amayi ake atabwera naye kumudzi. Lero amagwira ntchito mu labotale yofufuza za chitetezo cha m'thupi.

Ine ndinali mlangizi wa zaumoyo zaka zoposa 20. Ndayenda pa njinga ndi bokosi lozizira la katemera, ndapachika sikelo pa nthambi za mango m'midzi yambiri. Lamulo limodzi limene linandilowa m'magazi linali la kugwedeza botolo. Katemera wa kafumbata, ndi uja wa matenda asanu wobaya pantchafu, akakhala pansi pake pamadikha zoyera ngati ufa m'madzi, ndiye umagwedeza usanakoke mu jekeseni. Ankatiuzanso kuti ameneyu asaundane mu fuliji, akaundana watha ntchito. Ukamukayikira, umamugwedeza pamodzi ndi wina amene wamuundanitsa dala n'kuona amene akudikha msanga. Zonsezi ndinkazichita mokhulupirika, koma zoyerazo ndinkangoti ndiye katemerayo.

Usiku woyamba ku Kalingalinga magetsi kunalibe, chifukwa chilala cha chaka chimenecho chinatsitsa madzi ku damu la magetsi la Kariba. Tinadya nsima ya kapenta ndi chibwabwa pa kandulo, ndipo m'pamene ndinatchula za zoyerazo. Mtsikanayo anasiya mbamu m'manja. "Amalume, zija si katemera weniweni ayi. Zija ndi alum, mchere wa aluminiyamu. Ife timati adjuvant, kutanthauza mthandizi. Mawa mubwere kuntchito."

M'mawa tinakwera minibasi, mitengo ya jakaranda itayala maluwa ake m'mphepete mwa misewu. Kuntchito kwake sanandilole kulowa m'chipinda chenicheni, ndipo anachita bwino. Ndinaima pa galasi, jenereta ikulira kuseri. Anandilozera mafuliji ozizira madigiri 80 pansi pa ziro, ndi mgolo wachitsulo wofuka nthunzi umene amasungamo maselo amoyo kwa zaka. Kenako anakweza kabotolo ka magazi kamene anali atangokazunguza pa makina. Magazi anali atagawikana, ofiira pansi, madzi achikasu pamwamba, ndipo pakati panali kamzere koyera kopyapyala ngati nkhungu. "Asilikali a m'thupi amene mumawatchula pa sikelo aja ndi awa," anatero. Zaka zonsezo ndinkalalikira za asilikali amene ndinali ndisanawaonepo. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali.

Pa nkhomaliro anatenga pepala n'kuyamba kujambula. Anati katemera wambiri wa masiku ano alibe kachilombo kamoyo, amangokhala ndi kachidutswa kake. Zili ngati kutaya malaya a wakuba pakati pa mudzi usiku: palibe amene adzuke. Pafunika wina akuwe. Mthandizi uja ndiye mfuu. Akalowa m'mnofu, maselo olondera amathamangira pamalopo, malowo amatupa ndi kutentha pang'ono. Pakati pawo pali ena a nthambinthambi, otchedwa dendritic, amene wasayansi Ralph Steinman anawatulukira mu 1973. Amenewa amatola kachidutswa kaja n'kupita nako ku timfundo ta m'khwapa kapena m'mphechepeche, tomwe tija tikatupa timati mwanabere. Kumeneko ndiye ku bwalo. Maselo a T ndi a B amaonetsedwa malaya aja, amene awazindikira amachulukana, ena n'kuyamba kupanga zida zogwira kachilomboko, ena n'kutsala osunga nkhope yake zaka zambiri. Katemera wa chikuku ndi wa TB wotchedwa BCG safuna mthandizi, popeza muli kachilombo kamoyo kofooketsedwa kamene kamadzikuwira kokha. N'chifukwa chake mabotolo awo analibe zoyera zodikha zija.

Mbiri ya athandiziwa inandigwira mtima chifukwa inayambira pa zinthu za kukhitchini. M'zaka za m'ma 1920, Gaston Ramon, dokotala wa ziweto wa ku France, anaona kuti akavalo amene atupa pamalo obayidwa ndi amene ankapanga chitetezo chambiri. Anayamba kusakaniza katemera ndi nyenyeswa za buledi komanso ufa wochokera ku chinangwa, kuti malowo atupe dala. Mu 1926 Alexander Glenny ku England anapeza kuti alum amagwira ntchito imeneyi, ndipo kwa zaka pafupifupi 70 ndiye anali mthandizi yekhayo m'katemera wa anthu. Madokotala ankadziwa kuti amathandiza, koma chifukwa chake chinayamba kumveka bwino wasayansi Charles Janeway atanena mu 1989 kuti thupi lili ndi alonda obadwa nawo ozindikira zizindikiro za tizilombo, ndipo popanda iwo asilikali enawo sadzuka.

Ndiye ndinakumbukira katemera wa malungo, RTS,S, amene anayambira kwathu ku Malawi mu Epulo 2019, Ghana ndi Kenya n'kutsatira. Amabwera m'timabotolo tiwiri tomangirirana, kena ka ufa, kena ka madzi, ndipo umasakaniza usanabaye. Ndinamufunsa mtsikanayo ngati ka madziko kanali kongosungunulira. Anapukusa mutu. Ka madziko ndiye mthandizi, AS01. Muli mafuta otengedwa pa khungu la bakiteriya atachotsedwa ululu, ndi QS-21, wochokera ku khungwa la mtengo wa ku Chile wotchedwa Quillaja saponaria, umene khungwa lake limachita thovu ngati sopo. Katemera wachiwiri wa malungo, R21, nayenso mthandizi wake amachokera ku mtengo womwewo. Ndinaganiza za agogo anga amene ankasenda makungwa kuthengo, ndi za ana a ku Mchinji amene m'thupi mwawo munalowa khungwa la mtengo wa kutsidya la nyanja.

Chimene chinandikhalitsa chete kwambiri ndi ulendo umene mthandizi amayenda asanafike pa mkono wa mwana. Amayamba ndi maselo m'mbale, kuona ngati akuwa ndi mmene akuwira. Kenako mbewa zoyera, zoleredwa mwaukhondo, zimagawidwa m'magulu: zina zilandira kachidutswa kokha, zina kachidutswa ndi mthandizi, zina madzi amchere chabe. Pakapita masabata amayeza magazi, timfundo tija ndi kapamba, ndipo nthawi zina amazipatsa matendawo kuti aone zimene zipulumuke. Palibe amene amakhudza mbewa komiti yoona za chisamaliro cha nyama isanavomereze. Mfuu ikachepa, mudzi sudzuka. Ikanyanya, thupi limadzivulaza lokha ndi kutentha ndi kutupa. Ndipo mbewa si munthu. Zambiri zimene zimaoneka bwino pa mbewa zimakagwa zikafika pa anthu, moti wofufuza angathe zaka zake zonse pa chinthu chimene sichidzalowa m'botolo. Kwathu mbewa timakumba m'munda n'kudyera nsima. Zoyerazi ndinaziganizira ndi ulemu wina.

Ndinamufunsa chimene chimamulimbitsa mtima. Anatchula TB. BCG ndi wa mu 1921, amateteza ana aang'ono ku TB yoopsa koma akuluakulu samawatchinjiriza mokwanira. Katemera watsopano, M72, wokhala ndi mthandizi yemwe uja AS01, anayesedwa pa akuluakulu oposa 3,500 ku Kenya, South Africa ndi ku Zambia konko, ndipo anachepetsa odwala ndi pafupifupi theka. Kuyesa kwakukulu kunayamba mu 2024, Malawi ndi Zambia ali momwemo. Bambo ake aang'ono anamwalira ndi chifuwa chimenechi. Sanawatchule, koma ndinadziwa.

Madzulo a tsiku lomaliza, mayi wa nyumba yoyandikana anabwera ndi khanda la masabata khumi likulira, ntchafu itatupa pang'ono pobayidwa m'mawa. Mlongo wanga anali atamuuza kuti kwabwera alangizi. Kale ndikanangoti, "Pepani mayi, ndi mmene amachitira katemerayu." Ndinagwira kantchafuko, kanali kofunda. Ndinamuuza kuti ayikepo kansalu konyowa, ayamwitse pafupipafupi, ndipo thupi likatentha kwambiri, kapena mwana akakana bere, kapena kutupako kukakula, athamangire ku kiliniki. Kenako ndinatulutsa pepala lija m'thumba la malaya, ndinaliyala pa mpando pafupi ndi kandulo, n'kumusonyeza ndi chala pamene alonda amasonkhana, ndi njira imene amithenga amadzera popita ku bwalo.